Mwana Wotsogoza Nkhope ndi Juzi ya Agogo Ake

Apongozi anga amaluka majuzi. Mukalowa mumsewu wathu kuchokera kokwerera basi, mudutsa pa wometa, mudutsa pa wowotcherera zitsulo, kenako mumva khwee, khwee, khwee, ngati munthu akupala thabwa. Amenewo ndi makina awo. Anawaika m'chipinda chakumaso, pafupi ndi zenera, chifukwa amati kuwala kwa getsi kumanamiza mtundu wa ulusi. Kukhoma kuli misomali, ndipo msomali uliwonse uli ndi mtundu wake: wobiriwira wa sukulu ya kumtunda, wofiirira wa sukulu ya kuseri kwa msika, wakuda wa alonda a kufakitale. Pansi pamakhala tiulusi tokhatokha. Ngakhale usese kawiri, ukatuluka m'chipindamo anthu amadziwa kumene wachokera.

Dzina lawo lenileni anthu a mumsewu muno analiiwala kalekale. Aliyense amangoti Mayi Itanuka. Kholo likabwera ndi mwana kudzayesa juzi n'kunena kuti, "Koma amayi, pakhosipa sipakuthina?" iwo satukula n'komwe maso.

"Itanuka."

"Nanga mikonoyi, siyafupika?"

"Itanuka. Wina abwere."

Wometa uja amalumbira kuti tsiku lina anawadandaulira kuti kanyumba kake kachepa, anthu akudikirira padzuwa, iwo n'kumuyankha kuti katanuka.

Komatu sikuti amanama. Ulusi umatanukadi, ndipo iwo ali ndi kavekedwe kawo. Amamugwira mwana pankhongo n'kunena kuti, "Werama, chibwano pachifuwa," kenako amakoka kamodzi kokha, mutu uja tulukiru. Nditangokwatiwa kumene, chimenechi ndicho chinali choyamba kundiphunzitsa, ndisanagwire n'komwe singano. Anati mutu wa mwana si mpira, ndi dzira. Ukatsogoza kosongoka udutsa pakhosi lililonse, koma ukaupingasa ulimbana nawo mpaka dzuwa kulowa.

Juzi ya kasitomala imene ndinawaona akuidula ndi imodzi yokha. Inali ya mwana wa wowotcherera zitsulo, kamtsikana kamutu waukulu kosamva kuuzidwa. Pamene apongozi angawo, amene ine ndimangoti amayi, ankakoka, iko kanayang'ana kudenga kumene kunkadutsa buluzi. Nkhope inatulukira yokha pakhosi la juzi, ngati munthu wosuzumira pazenera. Mkombero unagwira pansi pa chibwano ndi pamwamba pa mutu, nkhongo n'kutsalira mkati. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mwana anayamba kulira mobanika, bambo ake akuti, "Kokani, amayi, si paja imatanuka?" Amayi anatenga sizasi n'kudula paphewa, juzi yatsopano ya ulusi wabwino. Mwana atapuma, anati, "Juzi ndiluka ina. Mutu wa mwana wa eni ake ndiuluka ndi chiyani?" Tsiku limenelo ndinadziwa kuti pakhosi la juzi pali mzere umodzi womaliza, wotsekera ulusi kuti usamasuke, ndipo mzere umenewo uli ndi polekezera pake.

Amayi anayamba kuluka ali mtsikana, ndi masipoko a njinga amene ananola pamwala. Apongozi anga aamuna anali mlonda, ndipo juzi yoyamba kugulitsidwa anaigula mnzawo wa kuntchito amene anaisirira pathupi pawo. Bambowo anamwalira mwana wotsiriza akukwawa. Achibale anabwera n'kunena kuti mkazi yekha sangalere ana asanu m'zipinda ziwiri, ana agawidwe. Amayi anati nyumba itanuka. Inatanukadi. Bulangete limodzi linafunda atatu, juzi ya wamkulu inkamasulidwa, ulusi n'kuwongoledwa pa nthunzi ya ketulo, n'kusanduka juzi ya wamng'ono ndi masokosi pamwamba. Makinawa anabwera pambuyo pake, ogwiritsidwa kale ntchito, singano zina zitapindika, ndipo anaziwongola okha imodziimodzi. Choncho mawu aja si a malonda chabe. Ndi mawu amene analera nawo ana, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kwa eni.

Amuna anga ndi achitatu pa anawo. Amayendetsa lole ya simenti. Ine mayi anga ondibereka anatisiya ndili wamng'ono, ndinakulira kwa azakhali, sukulu n'kulekezera ku pulayimale. Nditalowa m'banja muno, mayi amene ndinawapeza ndi amenewa. Ntchito yanga ndi kulumikiza mikono, kusokerera mabaji ndi kusita. Sanandiitanepo kuti mpongozi, amangoti mwanawe. Ndikalakwitsa amandimasulitsa msoko wonse, koma mlendo akandinena amamuonetsa khomo. Akanena chinthu ndimakhulupirira, chifukwa zambiri zimene ananena zinachitikadi.

Za kubereka anali ndi nkhani zawo. "Ine kubereka sikunandigonetse pansi," ankatero. "Tsiku lobadwa amuna akowa, mkono wa juzi unali pasingano. Ndinaumaliza mawa lake, iwo ali kubere." Ankati thupi la mkazi ndi ulusi wabwino kuposa wonse wa m'sitolo, ndipo atsikana a masiku ano amathamangira mpeni chifukwa cha mantha basi.

Nditakhala ndi pakati, sikelo sindinajombe. Ulendo uliwonse ankandiuza kuti zonse zili bwino, mwana watembenuka, mutu uli pansi. Amayi anatulutsa ulusi wachikasu wofewa umene ankaubisa pansi pa sutikesi, n'kuluka kajuzi pamanja, osati pamakina. Kanali kokongola, koma khosi lake linali ngati kukamwa kwa kapu.

"Amayi, apa mutu udutsa?" ndinafunsa.

Yankho lake mukulidziwa kale.

Matenda anandiyamba m'mawa wa tsiku lozizira, sukulu zili pafupi kutsegulira, majuzi ali mulu pathebulo. Amuna anga anali atanyamuka kale ndi lole. Amayi anandigwira pamimba n'kunena kuti nthawi ikadalipo. "Ukathamangira kuchipatala akakubweza. Ziyendayenda m'chipinda muno. Ukamva kuti kwaphwa, lumikiza mkono umodzi." Ndinalumikizadi ingapo, ina mokhota. Nsupa itasweka, madzi n'kutuluka, amayi anazimitsa simbi, anavundikira makina ndi nsalu, n'kukuwira wowotcherera zitsulo kuti atulutse galimoto yake.

Chipatala chathu ndi chaching'ono. Chipinda chochirira chili ndi mabedi atatu otchingidwa ndi makatani obiriwira, sinki pakona, ndi zenera loyang'ana kumene amayanika nsalu. Opaleshoni sachita pamenepo. Zikavuta amatumiza ku chipatala chachikulu, kutsidya kwa tauni. Anamwino amene tinawapeza anali mayi wamtali wa mawu aakulu, magalasi ali pachingwe. Pamwamba pa yunifolomu anavala juzi yabuluu. Ndinaidziwa, chifukwa mikono yake ndinalumikiza ndine.

"Mayi Itanuka!" anatero anamwinowo. "Juzi yanu ija ndikudikirabe. Itanuka liti?"

"Muchepetse kudya, itanuka lero lomwe," amayi anayankha.

Anaseka onse awiri, ine ndikubuula pakati pawo.

Atandiyeza koyamba, anati njira yayamba kutseguka koma mwana akadali kumtunda. Tinadikira. Amayi anatulutsa singano m'chikwama n'kuyamba kasokosi, akumaimitsa pokhapokha pondisisita msana. Dzuwa linafika pamutu. Ululu unasintha, unachoka kumimba n'kukakhazikika kumsana, ngati wina akukhomerapo msomali. Mayi wa bedi la pambali, amene anandipeza ndili kale mmenemo, anachira, mwana wake n'kulira, ine ndikadali pomwepo.

Anamwino anavalanso magolovesi. Ulendo uno anatenga nthawi. Anatsinzina, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera wailesi ya kwa aneba. Kenako anadzidzimuka.

"Iii! Kandiyamwa chala."

"Mukuti chiyani?" amayi anafunsa.

"Poyamba ndimayesa matako, chifukwa pamene ndagwira ndi pofewa. Koma matako sayamwa chala. Iyi ndi mphuno, apa ndi pakamwa. Mdzukulu wanu watsogoza nkhope."

Anavula magolovesi, anasamba m'manja, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Analankhula ndi ine, osati ndi amayi. Anati mwana pobadwa amayenera kuwerama, chibwano pachifuwa, n'kutsogoza pamwamba pa mutu. Wangayu anachita kupindira mutu kumbuyo mpaka nkhongo kugunda msana. Anati palibe chimene ndinalakwitsa, kaya kudya kaya kunyamula, ndipo kusikelo sizioneka kawirikawiri chifukwa ana ambiri amachita zimenezi matenda atayamba kale.

"Tsono nkhani yagona pa chibwano," anatero. "Chikanaloza kutsogolo, kumimba kwanu kuno, tikanayesa, ana otero amabadwa. Koma chaloza kumsana kwanu. Ena amatembenuka okha, koma uyu njira yatseguka, iye wangokhazikika pomwepo. Khosi lake lapindika mpaka pothera, palibenso poti apindire kuti akhote pafupa. Pakufunika opaleshoni. Ndikukaitana ambulansi. Inu musatchime, ngakhale thupi likuuzeni bwanji."

Atangotuluka, amayi anakoka katani.

"Mpeni? Pa mwana woyamba?" ananong'ona. "Akakung'amba lero, ndiye kuti wachiwiri mpeni, wachitatu mpeni. Anthu awa amachita phuma. Wotsiriza wanga anakakamira chomwechi, mayi wina anandikanikiza pamimba ndi mkono, mwana n'kutuluka ngati sopo. Limba mtima, mwanawe. Itanuka."

Ululu utabweranso, anaika mkono wawo pamwamba pa mimba yanga, pansi pa mabere, n'kutsamirapo. "Tchima!" Ndinatchima. Thupi lenilenilo linkafuna, ndipo amene ankandiuza anali amayi. Ndinamva ngati m'chiuno mukusweka, koma palibe chimene chinasuntha.

Katani inatseguka mwamphamvu.

"Chotsani mkonowo!" Mawu a anamwino anamveka mpaka kumene amayanika nsalu. "Mukufuna chiberekero chiphulike? Mutaya awiri, mayi, osati mmodzi!"

"Ndabereka asanu ine."

"Asanu owerama. Uyu sanawerame."

Anaika kachipangizo pamimba panga. Tonse tinamva mtima wa mwana ukugunda mofulumira, ngati makina a amayi ntchito ikachuluka. "Akadali bwino," anatero, "koma sakhala bwino mpaka madzulo." Kenako anandiyang'ana. "Thupi ndi lanu, mwana ndi wanu. Sindingakunyamuleni ngati thumba. Mupita?"

Ndinapempha kuti andiimbire amuna anga. Anayankha injini ikulira. Ndinafotokoza momwe ndikanathera, iwo n'kufunsa kuti, "Amayi ali pomwepo? Ndiye palibe vuto. Chimene anene amayi." Ana onse a m'nyumba imeneyi amayankha choncho.

Ndinayang'ana amayi. Anali ataima kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno, milomo atamanga. Ndinkafuna kunena kuti inde. Koma chilowereni m'nyumba mwawo ndinali ndisanawatsutsepo pamaso pa anthu, ndipo mbali ina ya mtima inkati mwina akunena zoona, mwina kwatsala kutchima kumodzi kokha. Amayi ndi anamwino anabwezeranabwezerana mawu, ine ululu ukubwera ndi kupita, mpaka panja panamveka hutala. Dalaivala wa ambulansi anasuzumira pakhomo n'kunena kuti sangaime nthawi yaitali, kwina akumudikiranso.

Anamwino sanakuwenso. Anatsegula kabati n'kutulutsa chidole chimene amaphunzitsira amayi kusikelo, cha thupi lansalu ndi mutu wolimba, khosi lake lolobodoka. Kenako analoza chikwama chathu, pamene kajuzi kachikasu kankaonekera.

"Mayi Itanuka, ine za ulusi sindidziwa. Tamuvekani mwanayu ndione."

Amayi anatsonya, koma manja awo sakana ntchito. Anatenga chidole, chala chinapita chokha pankhongo, chibwano pachifuwa, kukoka kamodzi, mutu tulukiru.

"Mwaona?" anatero amayi.

"Ndaona. Muvuleni. Tsopano mupindireni mutu kumbuyo, nkhongo igunde msana. Mugwireni chomwecho, musamuweramitse. Muvekeninso."

Amayi anakoka. Nkhope ya chidole inatulukira pakhosi la kajuzi, maso ake opentedwa akuyang'ana kudenga. Anakokanso. Mapewa a juzi anatanuka, pachifuwa panatanuka, koma mkombero unagwira pansi pa chibwano ndi pamwamba pa mutu, nganganga. Anayesa kupotoza. Anayesa kulowetsa chala. Ndinaona manja awo akuchepetsa liwiro mpaka kuima.

"Wanu mkombero ndi ulusi," anamwino anatero motsitsa mawu. "Wa mwana wanuyu ndi fupa."

Ululu unali utandipatsa kampata. Ndinati, "Amayi, mwana wa wowotcherera uja."

Amayi anayang'ana chidole, anayang'ana mimba yanga, anayang'ana mkono umene anandikanikiza nawo. Kenako anavula kajuzi pa chidole mosamala, anakapinda, n'kukabwezera m'chikwama.

"Mimba asoka," anatero. "Mutu wa mdzukulu wanga ndiuluka ndi chiyani? Ayankhe anamwino, mwanawe."

"Ndipita," ndinatero.

"Ndiye mwaimiranji?" amayi anakuwa. "Adalaivala! Bweretsani machira, mukuonerera chiyani, ndi kanema?"

Anamwino anandiika diripi, anandigoneka chammbali, n'kukwera nafe. Msewu unali wodzaza, anthu oyenda pansi, ngolo za katundu, mabasi oima pakati pa njira. Ululu ukabwera, thupi linkafuna kutchima lokha. Amayi anagwada pafupi ndi mutu wanga n'kundigwira masaya ndi manja awo okhakhala aja.

"Usatchime. Uzira. Uzira ngati ukuziziritsa tiyi. Fuu, fuu. Eya, choncho."

Anauzira nane njira yonse, mpaka anamwino anati, "Agogo, pang'onopang'ono, mungakomoke ndinu, machira ndi amodzi." Pa mphambano ina galimoto inakana kupatuka. Amayi anatsegula kazenera n'kumuuza woyendetsayo mawu amene sindingalembe pano. Inapatuka.

Dokotala wa ku chipatala chachikulu anali mtsikana wosasiyana nane kwambiri msinkhu. Anandiyeza n'kupeza zomwezo, nkhope patsogolo, chibwano kumsana. Anati mtima wa mwana wayamba kutopa, tisachedwe. Anandifotokozera zimene achite, ndinavomera. Anandibaya jakisoni kumsana, miyendo inafunda kenako n'kukhala ngati ya eni ake. Anatchinga nsalu pachifuwa panga. Ndinkamva kukokakoka kopanda ululu ndi zitsulo zikulira m'mbale. Kenako mwana anamutulutsa. Ndinayang'ana getsi lalikulu la pamwamba, ndikudikira. Ndiyeno kunamveka kulira, kosasa ngati kwa munthu wachimfine, koma kulira ndithu.

"Wamkazi," anatero dokotala. "Musadzidzimuke mukamuona. Nkhopeyi ndi imene yakhala ikugogoda pakhomo tsiku lonse."

Ngakhale anandichenjeza, ndinadzidzimuka. Milomo inali yotupa ngati walumidwa ndi njuchi, zikope zotupa moti maso osaoneka, masaya atada bii, mutu wautali, ndipo ankaupindirabe kumbuyo ngati munthu wonyada. Ndinafunsa ngati akhala choncho. Anati ayi, zonsezo ziphwa, chachikulu n'chakuti akupuma yekha.

Amuna anga anafika dzuwa likupendeka, simenti ili mbuu m'tsitsi. Anasuzumira m'kabedi n'kubwerera m'mbuyo.

"Amayi, mwanayu wamenyana ndi ndani?"

"Wamenyana ndi fupa, ndipo wapambana. Usamunyoze, wafanana ndi iwe ukangodzuka."

"Koma ndiye mwamulola mpeni? Inuyo?"

"Iwe, lole yako ikakanirira pachipata umaiwonjezera moto? Pita ukasambe, ungamutsokomoletse mwana."

Masiku oyamba kuyamwa kunkamuvuta chifukwa cha milomo. Anamwino a kumeneko anandiphunzitsa kufinyira mkaka m'kakapu, ndipo amayi ndi amene ankamumwetsa, dontho ndi dontho, moleza mtima mmene sindinawaonepo pa kasitomala aliyense. Pang'onopang'ono kutupa kunaphwa. Diso limodzi linatseguka, kenako linzake. Khosi linayamba kuwerama. Tsiku limene anagwira bere yekha, amayi anatuluka panja, ati akukaona ngati zovala zauma. Tsiku limenelo tinali tisanachape kanthu.

Dokotala pozungulira m'wodi ananena, amayi ali pomwepo, kuti chiberekero changa anachipeza chitapyapyala kumunsi, ndipo kukanikiza kukanapitirira chikanang'ambika. Ndinamufunsa ngati ndiye kuti ana anga onse adzakhala a mpeni. Anati si nthawi zonse, bola ndipume mokwanira chilonda chipole, ndipo ulendo wina ndidzabwere molunjika ku chipatala chachikulu matenda akangoyamba. Amayi anamvetsera zonsezo. Anangopempha kuona pamene anasoka. Anavala magalasi, anawerama, anayang'ana mzere wonse kuchokera uku mpaka uku.

"Adokotala, kusokaku munaphunzira kuti?"

"Kusukulu, mayi. Bwanji, ndakhotetsa?"

"Ayi, dzanja lilipo. Ntchito ikadzakutherani kuno mubwere, mikono yolumikiza kwathu ndi yambiri."

Kupepesa ndi pakamwa amayi satha, ndipo ine sindinadikire zimenezo. Tsiku loti tituluke ndinadzuka n'kuwapeza atakhala pampando m'mbali mwa bedi, kajuzi kachikasu kali pamiyendo, sizasi ili m'manja. Anadula paphewa, kuchokera pamkombero mpaka pamene payambira mkono. Anatseka mbali zonse ziwiri ndi singano kuti ulusi usamasuke, n'kusokerapo mabatani oyera amene anathothola pa bulauzi yawo. Kenako anamuveka mwana, juzi osakhudza n'komwe nkhope.

"Ameneyu wadutsa kale pothina," anatero. "Zamukwana."

Mwanayo pano akuyenda ndi kulankhula. Mumsewu muno amamutchula Kasuzumire, dzina limene anamupatsa wometa, ati chifukwa anafuna aone kaye ngati kunja kuli bwino asanabwere. Pankhope palibe chipsera chilichonse, khosi limatembenuka mbali zonse, makamaka kumene kuli chakudya. Majuzi onse a makanda otuluka m'chipinda chathu tsopano ali ndi mabatani paphewa, ndipo wosokerera mabataniwo ndine. Mayi woyembekezera akabwera kudzaitanitsa kajuzi n'kufunsa kuti mabataniwa ndi a chiyani, amayi amaimitsa makina n'kumufotokozera nkhani yonse, mpaka polozera mimba yanga ngati sindili pomwepo. Amamaliza ndi kunena kuti, "Anamwino akati usatchime, usatchime. Ndipo wina asakuike mkono pamimba, ngakhale atakhala ine."

Za mikono ndi za m'chiuno sanasinthe. Wodandaula aliyense amamva mawu omwe aja. Anamwino okha ndi amene anabwera ndi juzi yawo yabuluu, amayi n'kuiwonjezera m'mbali zonse ziwiri osatsutsa, ngakhale powapatsa anati ulusi unali wolakwika kuchokera kusitolo.

Dzulo ndikusita ndinamva kamawu kakuitana kuchokera pamulu wa majuzi a sukulu. Kasuzumire anali atatenga imodzi, wapisamo mutu, nkhope ili kudenga, mphuno yokha ikuonekera pakhosi.

"Agogo! Yandigwira!"

Amayi anaimitsa makina. "Iwe, mpaka lero sunaphunzire?" Anamugwira pankhongo. "Werama, chibwano pachifuwa."

Anawerama, mutu tulukiru.